Chitseko cha chimbudzi ndi kanema wa mpira

Lero sindilemba za mayeso kapena za malipiro. Ndikufuna ndiulule kanthu kena komwe kakhala kakundivutitsa mumtima kwa zaka zingapo.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Ntcheu, kumtunda kufupi ndi malire a Mozambique, kumene mu June ndi July chisanu chimachita kulowa m'mafupa. Masukulu ambiri a CDSS kale adali ma DEC, ndipo boma lidawasandutsa masekondale m'chaka cha 1998. Kwathu kuno dzina lidasintha koma nyumba zidatsala zomwezo. Chipinda chathu cha aphunzitsi chidali chosungiramo mabuku. Muli tebulo limodzi lalitali, mipando yosakwana tonse, ndi mbaula yophikira tiyi wa pabuleki. Ukachedwa kutuluka m'kalasi, makope ukachongera panja, pansi pa bulugamu.

M'chaka cha 2019 tidalipo aphunzitsi 11, abambo 9 ndi amayi awiri. Mwezi uliwonse tinkasonkha kangachepe kuthumba la welofeya, lothandizira pa maliro ndi matenda. Ndalama zitachulukirapo, tidakhala pansi kuti tione chogula choti chipinda chathu chizioneka ngati ofesi. Abambo tidagwirizana msanga: wailesi ya kanema ndi sola, kuti Loweruka tizionera mpira wa Bullets ndi Wanderers osayenda mtunda kupita kumsika.

Apa Madamu ophunzitsa Biology adakweza mkono.

"Aphunzitsi anzanga, ine kanema sindikumukana. Koma bwanji tiyambe taika chitseko pachimbudzi chathu, ndi chidebe cha madzi pakhomo pake?"

Tidaseka. Mnzathu wina adati, "Madamu, zimenezo n'za boma ndi a PTA, si za welofeya ayi." Tidavota, ndipo ine ndidakweza mkono kumbali ya kanema.

Chimbudzi chimenecho chidali chimodzi cha aphunzitsi tonse, chokumba, chitseko chake chidathothoka kalekale ndipo tidangotchingapo thumba la feteleza. Ife abambo sitinkaona vuto. Amayi aja ankayenera kusankha: kukaima pamzere kuzimbudzi za atsikana pamodzi ndi ana omwe akuwaphunzitsa, kapena kupirira mpaka poweruka.

Teremu yotsatira Madamu aja adapempha transifa, adapita kutauni. Ana a Fomu 4 adatsala opanda mphunzitsi wa Biology mayeso a MSCE ali pafupi. Ahedi adandipatsa phunzirolo ine, munthu wa Geography, ndipo usiku ndinkawerenga zomwe mawa lake ndikaphunzitse. Zotsatira zitatuluka, makolo ena adasiya kundipatsa moni. Sindiwadzudzula.

Patapita miyezi ndidakumana nawo Madamu aja padepoti pa Ntcheu boma. Titalonjerana ndidawafunsa chomwe chidawachotsa. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, zaka zitatu zonse zija mudandionapo ndikumwa tiyi pabuleki?" Ndidakumbukira kuti zoonadi sankamwa, ndipo ife tinkati n'kunyada. Kunena zoona ankaopa kumwa chilichonse, ngakhale madzi, kuyambira m'mawa mpaka masana. Masiku ena a pamwezi ankangotumiza uthenga kuti sakupeza bwino, ife kumbali n'kumati ndi aulesi. Basi yawo itanyamuka ndidatsala chiimire, manyazi atandigwira.

Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito m'chaka cha 1997, ndipo limatchula zimbudzi, madzi akumwa ndi posamba m'manja. Koma ife aphunzitsi tikamakamba za malo abwino ogwirira ntchito timaganiza za maofesi a ku Capital Hill, mipando yozungulira ndi mafani. Timaiwala kuti chisamaliro chimayambira pa zinthu zomwe munthu amachita manyazi kuzipempha kawiri.

Chomwe chidandiwawa kwambiri chidabwera pambuyo pake. Masukulu adatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo potsegulanso zidebe za mipopi ndi sopo zidapezeka pakhomo pa kalasi iliyonse. Ndiye kuti zinali zotheka nthawi yonseyi. Kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, adatikumbutsanso kuti chimbudzi ndi madzi si nkhani ya amayi okha.

Chitseko chija tidachiika. Kalipentala wa m'mudzi momwemu adachikhoma tsiku limodzi, ndipo ndalama zake sizidafike ngakhale theka la mtengo wa kanema. Kenaka makolo adaumba njerwa, tidamanga chimbudzi china cha amayi, chokhala ndi loko mkati. Kanema uja alipobe, koma batire la sola lidafa, ndiye tidangomufunditsa nsalu. Mphunzitsi wa Biology tidamudikira zaka ziwiri.

Inu amene muli m'makomiti a welofeya, kaya kusukulu, kuchipatala kapena kuofesi ina iliyonse, musanavote muyambe mwafunsa amene ali ochepa pagulu lanu, makamaka uja amene sakumwa tiyi. Ine ndidafunsa mochedwa, padepoti.