Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku London

M'phunziro la Geography ndimauza ana a Fomu 3 kuti atenge ulusi, auyale pa globe kuchokera ku Lilongwe mpaka ku London. Yankho limatuluka makilomita pafupifupi 8,000. Pamayeso nkhani imathera pomwepo. Koma palibe amene amayenda mtunda umenewu, poti kulibe ndege yonyamuka pa Kamuzu International Airport n'kulunjika ku London. Umakasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg.

Njira ya Johannesburg ndiye imandiseketsa. Umayamba walowera kummwera makilomita pafupifupi 1,500, London utaifulatira, kenako n'kuuluka ena 9,000 kulowera kumpoto, maola 11 uli khale pampando. Onse pamodzi 10,500!

Komatu kwa ena izi si zoseketsa. M'kalasi mwanga muli ana amene amayi awo ndi anamwino ku Britain. Uthenga wa maliro umawapeza pafoni m'kamphindi, koma mayiwo asake tikiti, akadikire ndege ina ku Addis Ababa, atsike ku Lilongwe mawa lake, ndiye akwere basi ya ku Rumphi. Nthawi yonseyi akuluakulu pasiwa akungofunsana ngati mwambo udikire kapena adzukulu ayambe kukumba.