Kuphunzitsa Zosaoneka ndi Maso

Mphunzitsi wa zanyama amatha kuloza ng'ombe, ndipo wa zomera amatha kuthyola tsamba n'kuwapatsa ophunzira kuti aligwire. Koma mphunzitsi wa za tizilombo tosaoneka ndi maso ali ndi ntchito yovuta, pakuti amayenera kukhulupiritsa anthu za zamoyo zimene sanazionepo chibadwire. Phunziroli pa Chingerezi amalitcha microbiology, ndipo limafotokoza za mabakiteriya, mavairasi, yisiti ndi chuku. Wophunzira aliyense wa sayansi ya zamoyo pa yunivesite amakumana nalo m'zaka zake zoyambirira.

Mayi wina amene anakulira m'mudzi wa kufupi ndi Kabudula waphunzitsa phunziroli kwa zaka zambiri. Chimene chinkamudetsa nkhawa poyamba chinali chakuti ophunzira ake ankaloweza maina a Chilatini ngati nyimbo, n'kukhoza mayeso bwino lomwe, koma akapita kwawo patchuthi ankamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa mopanda mantha. Anaona kuti nzeru zawo zinkathera m'makope. Motero anasintha kaphunzitsidwe kake.

Sabata yoyamba salola wophunzira kutsegula buku. Amatuma aliyense kuti abweretse madzi a kudambo m'kabotolo, ndipo dontho limodzi amaliika pansi pa maikulosikopu. Ambiri amayamba n'kudandaula kuti sakuona kanthu. Iye amangoti, "Dekhani ana inu, kuona maso a nkhono n'kudekha." Wophunzira akapotokola kachitsulo pang'onopang'ono, mwadzidzidzi amaona tinthu tikusambira, tina tikuzungulira, tina tikuthamangitsana. Apo m'pamene mayiyo amawauza za Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mumzinda wa Delft ku Holland, amene anaona zamoyo zoterezi m'zaka za m'ma 1670 pogwiritsa ntchito magalasi osula yekha. Munthuyo sanapite ku yunivesite, koma anali wodekha ndi wofunitsitsa kudziwa.

Phunziro lachiwiri limachokera kukhitchini. Mayiyo amabwera ndi thobwa la tsiku lomwelo ndi lina logona masiku atatu, n'kuwapempha ophunzira kuti alawe. Loyamba limakhala lotsekemera, lachiwiri lowawasa ndi lochita thovu. Amawafotokozera kuti chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, kenaka mabakiteriya ndi yisiti amadya shugayo n'kutulutsa asidi, mpweya ndi mowa. Louis Pasteur wa ku France anatsimikiza m'zaka za m'ma 1850 kuti kusasa kotereku kumachitika chifukwa cha zamoyo zing'onozing'ono. Koma mayiyo sachedwa kuwakumbutsa kuti agogo ake, amene sankadziwa kulemba dzina lawo, ankadziwa nthawi yothira chimera ndi malo ofunda oika mtsuko. Ankaweta tizilomboto osadziwa maina ake.

Kenaka wophunzira aliyense amadinda chala chosasamba m'kambale ka chakudya cha mabakiteriya, n'kudindanso m'kambale kena atasamba ndi sopo. Pakapita masiku awiri, timbale timaonetsa timadontho toyera ndi tachikasu, ndipo dontho lililonse ndi khamu la mabakiteriya. Mayiyo amalemba masamu pabolodi: bakiteriya wina akapeza chakudya ndi kutentha koyenera amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, kotero kuti m'maola 7 mmodzi amasanduka oposa 2,000,000. Ophunzira akayang'ana masamuwo n'kuyang'ananso zala zawo, sipafunikanso kuwalalikira za kusamba m'manja.

Nyengo ya dzinja ikafika, amapita nawo m'minda ya kumadzulo kwa Lilongwe, kufupi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1948. Kumeneko amazula phata la soya kapena mtedza n'kuwaonetsa timibulu ta pa mizu. Alimi ena amayesa kuti timibuluti ndi matenda, chikhalirecho ndi nyumba za mabakiteriya otchedwa Rhizobium ndi abale ake, amene Martinus Beijerinck anawapatula koyamba m'chaka cha 1888. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitrojeni pafupifupi magawo 78 pa 100 aliwonse, koma mbewu sizitha kuitenga zokha. Mabakiteriyawa ndiwo amaisandutsa chakudya cha mbewu. Kambulu akakang'amba n'kupeza kofiirira m'kati, ndiye kuti ntchito ikugwirika. Kwa mlimi wa ku Mpingu kapena ku Nsaru amene thumba la feteleza lamukanika kugula, kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba ndi chuma chenicheni.

Komabe m'munda womwewo muli mdani. Chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimamera pa mtedza ndi chimanga zosauma bwino, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England m'chaka cha 1960 chifukwa chodya chakudya chopangidwa ndi mtedza woipa. Mwa munthu amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kuphika kwa masiku onse sikumuthetsa. Pofika apa mayiyo amalankhula motsitsa mawu, chifukwa amadziwa zimene zimachitika m'midzi. Anthu amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda. Akasankha, wabwino amapita nawo kumsika, ndipo wofota ndi wakuda amausinja kukhala nsinjiro zothira m'phala la mwana.

Tsiku lina mtsikana wa ku Nambuma anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, amayi anga amachita zomwezo. Kodi ndikawauze kuti akhala akutidyetsa poizoni?" Kalasi yonse inangoti zii. Mayiyo anayankha kuti, "Iyayi mwanawe. Mayi ako sanalakwe, anangosowa wowauza. Ukawathandize kuyanika mtedza mpaka uume, ukasende nawo osawaza madzi, ndipo wovundawo mukautaye limodzi. Ukalankhule ndi manja ako poyamba, pakamwa pambuyo."

Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 n'kupitirira m'chaka cha 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti chiyambi cha nthendayi chinadziwika kalekale. John Snow anaonetsa m'chaka cha 1854 ku London kuti kolera imafala kudzera m'madzi, ndipo Robert Koch anapatula bakiteriya woyambitsa nthendayi patapita zaka 30. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, kugwiritsa ntchito chimbudzi, ndi kumwetsa wodwala madzi a mchere ndi shuga pothamangira naye kuchipatala, zonsezi n'zotheka ngakhale m'mudzi wosauka. Nzeru zilipo, koma zimachedwa panjira ya pakati pa labotale ndi chitsime.

N'chifukwa chake mayeso omaliza a mayiyu ali ndi funso limodzi loyankha m'Chichewa. Wophunzira amayenera kufotokoza, monga akulankhula ndi agogo ake pakhonde, mmene kachilombo kamachokera m'chimbudzi n'kukalowa mumtsuko wa madzi akumwa. Saloledwa kugwiritsa ntchito liwu la Chilatini ngakhale limodzi. Ambiri amene amakhoza mafunso ena onse amagwa pa funso limeneli, ndipo m'pamene amazindikira okha kuti kuloweza ndi kumvetsa n'zosiyana.

Ophunzira a mayiyu sadzakhala onse akatswiri a kafukufuku. Ena adzakhala alangizi a zaulimi, ena aphunzitsi a kusekondale, ena ogwira ntchito m'zipatala monga cha St Gabriel ku Namitete. Kulikonse kumene adzapite adzakumana ndi anthu amene amati nthenda yadza ndi mphepo kapena ndi munthu wanjiru. Wophunzira amene anaona yekha zamoyo zikusambira m'dontho la madzi sadzawaseka anthuwo, chifukwa adzakumbukira kuti nayenso poyamba sankaona kanthu. Adzakhala nawo pansi n'kuwafotokozera modekha mpaka amvetse.