Mapolo anayi ndi kavalo: nyengo yozizira ku England ndi kwathu

Kuno ku England, Disembala akafika dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Mu London tsiku lalifupi kwambiri silikwana maola 8. Mvula imangowaza osaleka, msipu umasanduka matope, ndipo m'mawa wina nthaka imapezeka itauma gwa ndi chisanu. Munthu amene ali ndi kavalo wolumpha koma alibe bwalo lofolera amatsala ndi kabwalo ka mchenga ka mamita 20 m'lifupi ndi 40 m'litali, nyale imodzi kapena ziwiri, ndi mapolo ochepa. Wochokera ku Malawi amene wapeza ntchito m'makola a akavalo amayembekeza kuona zida zodula paliponse. Chimene amaona m'miyezi imeneyi ndi anthu akukoka mapolo pansi, n'kumayeza mipata yake ndi mapazi.

Ntchito yambiri imachitika mapolo ali gone pansi. Kavalo akamayenda mothamanga pang'ono, kumene eni ake amati trot, mapolo amayalidwa motalikirana mita 1.2 mpaka 1.5, malinga ndi msinkhu wake. Akamathamanga mwa canter, mpata umafika mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono. Pampikisano, sitepe imodzi ya canter amaiwerengera mamita 3.6, omwe ndi masitepe anayi aakulu a munthu. N'chifukwa chake mphunzitsi aliyense kuno amayenda moponya masitepe aakulu pakati pa mapolo, milomo ikuwerenga.

Pali zoyeserera ziwiri zimene zimafuna zida zochepa kwambiri koma zimatopetsa mutu. Choyamba n'cha mapolo awiri okha, otalikirana bwino. Wokwera amadutsa pakati pake ndi masitepe asanu, kenako abwerenso ndi asanu ndi limodzi, kavalo atafupikitsa sitepe koma mphamvu yake osatsika. Pamenepa m'pamene pamaonekera wokwera amene amangokoka zingwe ndi amene amagwiritsa ntchito miyendo ndi chiuno. Chachiwiri n'cha mapolo anayi oikidwa pabwalo lozungulira la mamita 20, pamalo a 12, 3, 6 ndi 9 a wotchi. Cholinga n'chakuti masitepe a pakati pa polo ndi polo akhale ofanana kuzungulira konse. Chimaoneka chophweka munthu akaima kumpanda. Akakwera amapeza kuti kavalo akugwera mkati mbali imodzi n'kumathawira kunja mbali inayo, ndipo nthawi zambiri wopindika amakhala wokwerayo.

Kavalo akakhazikika, m'pamene amakweza mapolo. Mapolo awiri opingasa amamuphunzitsa kulumphira pakati. Zolumpha ziwiri zotere zikatalikirana mamita atatu kapena atatu ndi theka, kavalo amangotera n'kunyamukanso osaponya sitepe, ndipo miyendo yakumbuyo imalimba. Kutalika kwake sikufika ngakhale m'chiuno mwa munthu, ndipo kubwereza kangapo basi n'kokwanira.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Federico Caprilli, msilikali wa ku Italy amene anamwalira mu 1907, ndiye anaphunzitsa okwera kuweramira kutsogolo polumpha kuti kavalo atambasule khosi, ndipo timapolo tokwezedwa pang'ono totchedwa cavaletti timachokera m'kaphunzitsidwe kake. Ku Germany, Reiner Klimke, katswiri wa ku Olimpiki, analemba buku lathunthu pa timapolo timeneti.

Kwathu kalendala njotembenuka. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, imene ife timati kwazizira, ndiyo yabwino kukwera kavalo: kuwala kumapitirira maola 11, thukuta n'lochepa, tizilombo toluma tachepa. Ku Zomba ndi ku Thyolo chiperoni chimatha kuphimba phiri masiku angapo udzu n'kumaterera, koma chisanu choumitsa bwalo lonse kulibe. Vuto lathu ndi nthaka ya chilimwe. Pofika Seputembala ndi Okutobala, katondo amakhala atauma ngati njerwa yootcha, ndipo kavalo wolumphitsidwa pamenepo tsiku ndi tsiku amatupa mitsempha ya miyendo yakutsogolo, imene imalandira thupi lonse potera. Choncho zimene Mngelezi amachita mu Januwale chifukwa cha chisanu, Mmalawi ayenera kuchita mu Okutobala chifukwa cha dzuwa: mapolo pansi, m'mawa kusanatenthe, pamalo ogalauza kapena othira mchenga.

Nyengo yathu yovuta kwenikweni ndi dzinja. Mvula imabwera ndi timaudzudzu ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, timene timafalitsa African horse sickness, matenda opha akavalo ambiri amene awagwira. M'zigwa mulinso kashembe. Izi ndi zina mwa zifukwa zimene akavalo alili ochepa ku Malawi, ndipo ambiri amapezeka m'malo okwera monga kuzungulira Lilongwe, kupatula a ku Kande m'boma la Nkhata Bay amene amasambira ndi alendo m'nyanja. Abale athu osamalira akavalo ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, amadziwa kuti kumeneko katemera wa matendawa amaperekedwa kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndipo eni ambiri amachepetsa ntchito ya kavalo wobayidwa kumene. Masabata amenewo nawonso amakhala a mapolo apansi.

Za zida, kwathu sitingadandaule. Bulugamu wowongoka wa mamita atatu, wosendedwa bwino, wosadzidwa mfundo ndi kupakidwa laimu kuti aoneke, ndi polo yabwino kuposa zapulasitiki zopepuka zimene kavalo amangozikankha osamva kanthu. Migolo ndi zigubu zimagwira ntchito ya zoimikira. Koma pali zolakwa zimene zimaoneka kawirikawiri m'zithunzi zochokera kumudzi. Polo siikhomeredwa ndi msomali kapena kumangidwa ndi linya. Iyenera kugwa ikagundidwa, apo ayi amene amagwa ndi kavalo pamodzi ndi mwana wa eni ake. Nsungwi imang'aluka n'kucheka mwendo. Tayala logona pansi limakola chiboda. Polo yozungulira imagubuduka ikapondedwa, ndiye ndi bwino kuikwirira mchenga m'mapeto mwake kapena kuisema mbali imodzi.

Chipewa cholimba ndicho chokha chimene sichipangika pakhomo. Kuno sukulu zophunzitsa kukwera sizilola munthu kukhala pamsana pa kavalo mutu uli pamtunda, ndipo chipewa chimene chamenyetseka pansi kamodzi amachitaya ngakhale chikuoneka chabwinobwino. Amene akufuna kutumiza kanthu kwa mng'ono wake wophunzira kukwera ku Lilongwe ayambe wayeza mutu wake ndi tepi, kuzungulira pamwamba pa nsidze, chifukwa zipewazi zimagulitsidwa ndi masentimita.