Za Mbewa Zouma Khungu ndi Ana Athu Okanda Usiku

Mwezi wa June ukafika, mphepo yozizira imatsika ku mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo tonse a m'chigwa cha Domasi timatuwa. Koma alipo ana ena amene khungu lawo silingotuwa chabe ayi: limang'ambika m'masaya, m'mapindiro a mikono ndi kuseri kwa mawondo, nakanda usiku wonse kufikira magazi. Madokotala aitcha nthendayi eczema. Ife timafulumira kunena kuti ndi mphere, kapena uve wa amake. Tsono mayi, pochita manyazi, amatsikira naye mwana kumtsinje, namkhula ndi mwala ndi sopo wochapira zovala. M'mawa mwake mwana alira koposa dzulo.

Zimene zathandiza kuweruza mlandu umenewu ndi mbewa. Musaseke, abale. Si zija akumba anyamata m'minda tikatha kukolola, koma zoweta anthu ophunzira. Mu 1958, ku Jackson Laboratory ku America, kunabadwa mbewa zouma khungu, mchira wake wosupuka mambamamba. Patapita zaka kunadziwika kuti zisowa kanthu kena ka m'khungu, dzina lake filaggrin.

Taganizani nkhokwe. Ikamatidwa bwino ndi dothi, tizilombo tisowa polowera. Ikang'aluka, anankafumbwe apeza njira. Filaggrin ali ngati dothi lomatalo: amalimbitsa khungu lakunja, nalithandiza kusunga chinyezi. Mu 2009 Padraic Fallon wa ku Dublin ndi anzake anapaka mbewa zija, pamodzi ndi mbewa zabwinobwino, kanthu kochokera m'choyera cha dzira. Khungu la zabwinozo linakana. Koma m'zouma khungu zija kanthuko kanalowa, thupi linakayesa mdani, ndipo khungu linatupa. Dzira silinali poizoni. Mpanda ndiwo unali wogumuka.

Anthu nawonso ali otere. Mu 2006 Irwin McLean wa ku Dundee, ku Scotland, anapeza kuti ambiri odwala eczema kumeneko abadwa ndi filaggrin wopereŵera, choloŵa cha kwa makolo. Mwa Azungu, pafupifupi mmodzi mwa khumi ali nacho chilema chimenechi. Tisanene kuti ndi momwemo ponseponse: atayeza odwala ku Ethiopia ndi mwa amaXhosa a ku South Africa, chilema cha Azungu chija sichinaoneke kwenikweni. Komabe khungu la mwana wokandayo ndi mpanda wofooka ndithu, chingakhale chaufooketsa ndi china.

Tsono taonani chimene mwala ndi sopo wowawa achita: agumula dothi lotsalalo. Ife tiyesa kuti nkwabwino kumsambitsa mwana msanga ndi madzi ofunda pang'ono, kumpukuta mosakhula, ndi kumdzoza mafuta osanunkhira onga Vaseline khungu lisanaumitsitse, m'mawa ndi madzulo. Mafuta a mtedza musapake pa zilonda. Pokumbukira za dzira lija, tiwopa kuti thupi lingadzadane ndi mtedzawo. Muŵengeni zikhadabo. Zilonda zikayamba mafinya, pitani naye kuchipatala.

Mphere imayenda m'nyumba yonse, koma eczema sapatsirana. Mwanayo agone pamphasa imodzi ndi abale ake, nadye nawo m'mbale imodzi.