Kuno ku Joni Tabalalika

Chimene ndimachisowa kwambiri kuno ku Johannesburg ndi usiku wa pa siwa kwathu ku Dedza. M'mudzi mukagwa zovuta, amayi a Chigwirizano a CCAP amafika ndi mabuku awo a nyimbo, a Katolika a mu mphakati nawo amakhala pamphasa yomweyo, a Dorika amabwera atasenza ufa ndi nkhuni. Gulu lina likatsiriza nyimbo, lina limalandira, mpaka tambala kulira. Mwambo amatsogolera ndi a mpingo wa malemu, koma kutunga madzi, kuphika ndi kutonthoza anamfedwa ndi ntchito ya Akhristu onse. Ndili mwana sindinkadziwa kuti nyimbo iyi ndi ya mpingo uti. Zonse zinali zathu.

Kuno Lamulungu likafika, ife a dziko limodzi timabalalika. Ena ali m'kalasi ya lendi, ena m'galaja, ena atsata mneneri watsopano, ndipo timalandana nkhosa pomwe tonse ndife alendo. Mtima umandiwawa ndikamva m'bale akunena mpingo wa mnzake ngati wa mdani.

Kwathunso magawano alipo. CCAP inabadwa mu 1924 pamene a Livingstonia ndi a Blantyre anagwirana manja, a Nkhoma n'kulowamo mu 1926, koma masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia akhala akukangana za malire kwa zaka zambiri, mpaka kumangirana matchalitchi m'dera la wina. Komabe dziko lomwelo linaona zina. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, boma la Kamuzu Banda linawaopseza, ndipo atsogoleri a mipingo ina sanawasiye okha. Chaka chomwecho panabadwa Public Affairs Committee, ndipo mu 1993 Amalawi anavota pa riferendamu.

Ndikawerenga Yohane 17 m'kachipinda kanga, ndimaona kuti Yesu, usiku woti mawa lake afa, nkhani ya umodzi wa ophunzira ake anaitula kwa Atate m'pemphero, ndipo muyeso wake unali umodzi wa Iye mwini ndi Atatewo. Anawadziwa anthu akewa, omwe ankalimbirana ukulu ngakhale patebulo la mgonero. Paulo naye polembera a ku Efeso anawauza kuti asunge umodzi umene Mzimu wapereka kale. Choncho makomiti ndi misonkhano ya abusa ili ndi malo ake, koma chimene chimandimanga kwa a Katolika a pa siwa aja ndi ubatizo ndi chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Izi sitinazipange ndife, ndipo tilibe mphamvu yomanana.

Mu Meyi 2008, pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinabuka ku Alexandra n'kupha anthu 62 m'dziko lonse, matchalitchi ambiri anatsegula zitseko. Ku Central Methodist Church, pakati pa mzinda uno, kumene kunkagona kale anthu ochuluka a ku Zimbabwe, munthu sankafunsidwa khadi la mpingo pakhomo. Mpaka lero, m'bale wathu akamwalira, uthenga umayenda pa WhatsApp, timasonkha marandi, a Pentekoste ndi a Anglican pamodzi, kuti thupi lidutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete likagone kwa makolo ake. Timapemphera titazungulira galimoto, ndipo palibe amene amafunsa kuti akutsogolerayo anadzozedwa ndi ndani.

Galimoto ikanyamuka, aliyense amabwerera kwake. Lamulungu likubwerali kumpingo kwathu kuli Mgonero wa Ambuye. Mnzanga amene ndimagawana naye lendi, amene anandisamala ndikudwala m'nyengo yachisanu, ndi wa Katolika. Tidzatulukira khomo limodzi m'mawa, tidzakwera takisi imodzi, iye adzatsika patsogolo panga kupita ku Misa, ndipo ine ndikanyema mkate popanda iye.