Mipando itatu yopanda anthu pa msewu wa ku Area 49

Amene anajambula pulani ya Lilongwe sankaganiza za munthu woyenda pansi. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, mzinda unamwazikana: Old Town uko, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, ife ogona ku Area 25, Area 49, Kawale ndi Likuni, pakatipa tchire ndi minda ya chimanga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo kukacha amayenera kudutsa mtunda kuti akapeze ya ndiwo.

Minibasi zambiri zimakathera ku depoti ya ku Old Town. Choncho ngati kwanu ndi kuntchito kwanu sizili pa mzere umodzi, mumakwera kawiri popita, kawiri pobwerera, mwinanso n'kumalizira pa kabaza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera, ndipo thiransipoti inayamba kudya malipiro tsiku la 15 lisanakwane.

Koma taimani m'mawa pafupi ndi Bingu National Stadium muone magalimoto olowera ku Area 18. Ambiri muli munthu mmodzi, dalaivala yekha, wailesi ikulira, mipando itatu ikungonyamula mphepo. Msewu anaukuza, pa Area 18 anamangapo mlatho wodutsana, koma mpanipani sutha chifukwa magalimoto nawo akuchuluka.

Ife tilipo anayi. Galimoto ndi ya aneba anga, bambo ogwira ntchito ku City Centre. Timasonkha ya mafuta Lachisanu lililonse pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo m'mawa uthenga umalowa pa WhatsApp: “Achimwene, tatulukani, ndili pa geti.” Lamulo ndi limodzi, mphindi zisanu zikadutsa galimoto imanyamuka. Mayi ena a ku Capital Hill omwe timayenda nawo ndiwo analikhazikitsa, ndipo saseka nalo. Masamu ake ndi osavuta. Mafuta omwe aneba ankagula okha tsopano timagawana anayi, ine ndinasiya kukwera kawiri, ndipo m'bale wathu wachinayi amasiya yake kunyumba, kutanthauza kuti pamsewu pachoka galimoto imodzi.

Kunja maganizo omwewa anawaika m'foni kalekale. Mu 2014 kampani ya Uber inayambitsa UberPool ku San Francisco: mukaitana galimoto, pulogalamuyo imakuphatikizani ndi anthu ena olowera komwe mukupita, aliyense n'kulipira zochepa. Anaiimitsa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo inabwerera mu 2022 ndi dzina la UberX Share. Ku France, BlaBlaCar imalumikizitsa oyenda maulendo ataliatali ndi madalaivala omwe ali ndi malo m'galimoto zawo.

Ndikamamva zimenezi ndimaseka pang'ono, chifukwa kuno matola tinawadziwa foni zisanabwere. Ma Sienta omwe adzaza m'masiteji akuchita zomwezo, kungoti m'malo mwa pulogalamu pali mnyamata woitanira. Chomwe foni imawonjezera n'chakuti mumadziwa dzina la dalaivala, nambala ya galimoto ndi mtengo musanakwere, ndipo simukhala pa siteji theka la ola kudikira kuti idzadze. Vuto lathu ndi adiresi. Nyumba zambiri timalondolera kuti “mukapitirira chigayo mukhotere kumanja, geti lakuda,” ndiye dalaivala wotenga anthu atatu m'makwalala osiyana akhoza kuwotcha mafuta onse omwe mumafuna kupulumutsa. N'chifukwa chake malo amodzi okumanirana, monga pa filing'i siteshoni kapena pa tchalitchi chodziwika, amathandiza kuposa kutengedwa pakhomo.

Si zonse zokoma, eti. Mumataya ufulu wopatuka pa msika mukaweruka. Mumamva nyimbo zomwe simunasankhe. Tsiku lina tinatsala pang'ono kukangana chifukwa cha mpira wa Bullets ndi Wanderers. Ndipo pali nkhani yayikulu ya chitetezo: kukwera ndi aneba n'kosiyana ndi kukwera galimoto ya munthu amene mwangomuona pa gulu la WhatsApp. Mchemwali wanga amajambula nambala ya galimoto n'kutumiza kunyumba asanalowe, ndipo usiku sakwera ngati muli amuna okhaokha. Ndimagwirizana naye. Funsaninso za inshuwalansi. Magalimoto ololedwa kunyamula anthu pa malonda amakhala ndi nambala zofiira, ndipo kusonkherana ya mafuta n'kosiyana ndi kusandutsa galimoto yapakhomo kukhala takisi. Ngozi ikachitika m'pamene kusiyanako kumaonekera.

Ndimaganiziranso akondakitala ndi anyamata a kabaza, poti ndalama yomwe ine ndasunga ndi yomwe akanadyera iwo.

Pomwe kugawana kumakoma kwambiri ndi pa ulendo wa ku Blantyre, makilomita opitirira 300 pa M1. Lachisanu masana mauthenga amayamba: “Ndinyamuka 2 koloko, malo awiri, katundu wochepa chonde.” Mawu akuti wochepa amagwira ntchito mpaka pa Lizulu. Pamenepo aliyense amatsika “kungowongola miyendo,” n'kubwerera ndi thumba la mbatatesi, kabichi ndi tomato, ndipo kuyambira apo mpaka pa Zalewa wina amakhala atanyamula anyezi pamiyendo.