Za Ndalama Zotsakamira Pakati pa Wogula ndi Wogulitsa



Makolo athu pochita malonda ankaona ndi maso chimene alikupereka ndi chimene alikulandira. Wa mchere ankadza ndi mchere wake, wosula makasu ndi makasu ake, wa nkhuku ndi nkhuku yake; ndipo akamvana, chinthu chinkachoka m'dzanja ili ndi kulowa m'dzanja ilo, mboni ziri pomwepo. Zitafika ndalama za Angerezi, mapaundi, masheleni ndi makobiri, mwambo umenewu sudasinthe kwenikweni, pakuti sheleni munthu ankatha kuiwerenga ndi kuimanga pa nsonga ya nsalu. Ngakhale mu 1971, pamene dziko lathu lidalandira kwacha ndi tambala, ndalama idali ndithu chinthu chogwirika. Koma lero tafika pa nyengo yakuti wogula alipira ndalama zimene sanazione, wogulitsa nalandira ndalama zimene sangazigwire. Za zimenezi tifuna kucheza nanu mwezi uno.

Nzeru yosunga ndi kutumiza ndalama pa lamya ya m'manja idabuka kwambiri ku Kenya, kumene M-Pesa idayamba mu 2007. Kwathu kuno Airtel Money idafika mu 2012, Mpamba ya TNM nitsatira mu 2013. Mu 2015 mabanki adakhazikitsa National Switch, ndiwo mlatho umene ndalama ziwolokerapo kuchoka ku banki ina kunka ku inzake, ndipo pambuyo pake ndalama za pa lamya zidayamba kuwolokera pomwepo. Mu 2019 padaikidwa lamulo lakuti amalonda okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira malipiro popanda ndalama zamapepala. Chifukwa chake lero muona pa khomo la sitolo, ngakhale yaing'ono, chikwangwani cha nambala yolipirirapo, ndi pa kauntala kamakina kotulutsa lisiti.

Tisakane kuti chinthu chimenechi ndi chabwino. Mlimi wogulitsa soya kapena fodya sayendanso ndi mantha a achifwamba pa njira ya kumudzi. Mwana wogwira ntchito kutali atumiza thandizo m'mawa, amai ake nalilandira dzuwa lisanafike pamutu. Ndiponso chigwere mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, thumba limodzi la fetereza lifuna mpukutu wa mapepala umene suti ubisike m'thumba la malaya, ngakhale pepala la K5,000 lidatuluka mu 2022. Komatu akulu adati walira mvula walira matope. Matope ake a mvula imeneyi tiwaponda pa kauntala, katundu ali kale m'manja, anthu ali pa mzere kumbuyo kwathu.

Kuti timvetse vutoli, tiyambe taona njira imene ndalama ziyendamo. Ambiri ayesa kuti ndalama ziri m'kati mwa lamya monga ziri m'chikwama. Si choncho ai. Ndalama zanu zalembedwa m'kaundula wa kampani, m'makompyuta akulu okhala kutali ku mzinda. Lamya yanu ndi mthenga chabe. Pamene mudina manambala aja, ndi kulemba nambala ya sitolo, mtengo wa katundu ndi nambala yanu yachinsinsi, mthengayo athamangira ku nsanja yachitsulo imene muiona pa phiri, nachoka apo kunka ku kaundula. Kumeneko achotsa ndalama pa dzina lanu, nazilemba pa dzina la mwini sitolo. Atatero atumiza mau awiri, ena kwa inu, ena kwa wogulitsa. Ngati sitoloyo isunga ndalama zake ku kampani ina kapena ku banki, ulendo utalikirapo, chifukwa ziyenera kuwoloka mlatho uja tanena. Zonse zikayenda bwino, ulendo wonsewo utha munthu asanamalize kupereka moni. Koma mthenga akhoza kupunthwa pa malo ambiri.

Akhoza kupunthwa poyamba penipeni, netiweki ikathawa. Nsanja zija zidya magetsi usana ndi usiku. Magetsi akazima zidalira mabatire ndi majenereta, ndipo mafuta akasowa zikhala chete. Tonse tikumbukira chaka cha 2022, pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale, dziko nilitaya pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a magetsi ake kufikira chaka chotsatira. Kamakina ka pa kauntala nakonso kali ndi batire yake ndi simukhadi yake. Kakafooka, kakana munthu amene ndalama zake ziripo ndithu. Mthenga akhozanso kutopa kudikira: khomo limene litseguka mukadina manambala silikhala chitsegukire nthawi yaitali, ndipo nkhalamba yofunafuna magalasi ipeza litatsekeka, niyambanso pachiyambi. Munthu akalakwitsa nambala yachinsinsi kangapo motsatizana, chikwama chake chitsekedwa, ndipo kuchitsegula nthawi zina kufuna chiphaso cha unzika ndi ulendo wa ku ofesi. Chala chikaterereka pa nambala imodzi yokha, ndalama za mbeu zipita kwa mlendo wa ku boma lina. Ana athu okhala ku Johannesburg ndi ku London, kumene anthu angoyandikiza lamya pa makina osadina kanthu, atiuza kuti nakonso zimavuta: chikuto cha lamya chikakhala chochindikala, kapena khadi la ku banki lolembedwa m'lamyamo likatha nthawi yake, makina akana, munthu nachita manyazi monga ife kuno.

Koma vuto loposa onse ndi ili: ndalama zichoka kwa wogula, koma mau osafika kwa wogulitsa. Zatsakamira pa njira, ndipo palibe mmodzi wa awiriwo amene angaziloze ndi chala.

Tidaziona ndi maso athu mvula iri pafupi kugwa, titapita ku boma kukagula makandulo a ku tchalitchi. M'sitolo ina yogulitsa zaulimi tidapeza mai wina wachikulire wa mphakati wathu, amene mwana wake adamtumizira ndalama za mbeu ya chimanga ndi fetereza. Adalipira pa lamya monga adamphunzitsira adzukulu ake, mau nafika kwa iye akuti ndalama zachoka. Koma lamya ya sitolo idangoti zii. Mtsikana wa pa kauntala adati, "Agogo, pepani, sindingakupatseni katundu uthenga usanafike kuno. Zikasowa, adzandidula pa malipiro anga." Mai uja adayankha, "Mwana wanga, nanga ndalama zanga zapita kuti? Taona wekha, zachoka." Anthu a pa mzere adayamba kung'ung'udza. Wina adati, "Ingolipiraninso, zinazo adzakubwezerani," osadziwa kuti maiyo adatsala ndi ya kabaza yokha. Mnyamata wina adakweza mau nati, "Akuberani amenewa, ndimo achitira." Mtsikana uja misozi idalengeza.

Taonani, abale, chimene chidatikhudza mtima: onse awiri ankanena zoona. Gogo sadaname, pakuti ndalama zidachokadi. Mtsikana sadaname, pakuti sizidafikedi. Wonama adali mnyamata yekha uja, amene adaweruza mlandu wosaudziwa. Mwini sitolo ataitanidwa, adachita chanzeru. Adatenga kope, nalemba nambala ya malipiro imene idali mu uthenga wa gogo, pamodzi ndi ora, mtengo ndi dzina. Adaika katunduyo pambali atalembapo dzina la mwini wake. Napatsa maiyo mpando pa khonde ndi madzi akumwa. Dzuwa litapendeka uthenga udafika. Gogo adafika kwao kuli mdima, tsiku lonse la kumunda litapita pachabe, koma mbeu iri pa njinga, ndipo popanda wina wotukwanidwa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Sikuti masiku onse zitha chotero. Tamva za ena amene adalipira kawiri chifukwa cha manyazi a pa mzere, ndalama zonse ziwiri nizifika madzulo, wogulitsa nangokhala chete poganiza kuti wakumudziyo sadzabweranso. Tamvanso za ogula amene aonetsa uthenga wakale, kapena uthenga wolemba okha, nanyamula shuga ndi mafuta wogulitsa ali wotanganidwa. Alipo amene alandira ndalama zosokera, nathamanga kukazitapa mwini wake asanadandaule, nati ndi mwai wochokera kumwamba. Alipo ogulitsa amene anena kuti makina afa pamene ali amoyo, pofuna ndalama zamapepala zokha. Onsewa adzinyenga ndi ganizo limodzi, lakuti chimene sichioneka sichiri ndi mwini.

Apa ndipo pali phunziro lathu ife Akristu. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu, loletsa kuba, silinena za mapepala ndi makobiri okha. Likhudza chuma cha mnzathu, kaya chiri m'nkhokwe, kaya chalembedwa m'kompyuta. Wolandira kawiri mtengo wa thumba limodzi wasunga cha mwini. Wotapa ndalama zosokera ali ngati wopha mbuzi ya mnansi chifukwa idalowa m'khola lake. Ndipo Eklezia aphunzitsa chiyambire kale kuti tchimo lotere silitha ndi kuliulula kokha mu Sakramenti la Kulapa. Wolapayo ayenera kukhala ndi mtima wobweza chimene adatenga, monga momwe angathere. Lamulo lachisanu ndi chitatu nalonso liri pa kauntala pomwepo: liletsa uthenga wabodza, liletsanso kumutcha mbala mwana wa mnzathu pamaso pa anthu popanda umboni. Atsikana ndi anyamata a m'masitolo ambiri alandira malipiro ochepa, ndipo makina akalakwa, iwo ndiwo ayamba kulandira mau owawa. Sadapange makinawo, satha kubweza netiweki, ndipo kawirikawiri alibe chilolezo chotulutsa katundu paokha. Kuwakalipira kuli ngati kumenya wamtengatenga chifukwa mtsinje wadzala.

Inunso eni masitolo, ambiri a inu timakhala limodzi pa Misa la Mulungu. Musaike katundu yense wa vutoli pa mutu wa wantchito wanu kapena wa wogula. Khalani ndi kope la malipiro otsakamira. Onani kaundula wanu madzulo ali onse, ndipo mukapeza kuti wina adalipira kawiri, mfunefuneni, pakuti nambala yake muli nayo. Ngati pali ndalama yoonjezera imene mufuna, inenenitu munthu asanadine kanthu. Wogula amene mwamubwezera chake adzanena za inu m'mudzi monse, ndipo mbiri yotere iposa phindu la thumba limodzi.

Tsono kwa inu a m'mabanja, nazi zimene taona kuti zithandiza. Musanachoke pakhomo tchajani lamya, ndipo onani ndalama zimene zirimo, pokumbukira kuti nthawi zina pamakhala yodula pang'ono. Musananyamule katundu funsani wogulitsa ngati njira yolipirira ilikugwira ntchito tsikulo. Safunsa adadya phula. Lembani nambala ya sitolo modekha, ndipo dzina likaoneka, liwerengeni ndi kumfunsa wogulitsa ngati ndi lomwelo musanaike nambala yachinsinsi. Nambala imeneyo musauze munthu, ngakhale wa pa kauntala amene afuna kukuthandizani, ngakhale woimba lamya wonena kuti ali ku ofesi ya kampani. Mukafuna wokuthandizani, tengani mdzukulu wanu wokhulupirika. Malipiro akatsakamira, musalipirenso msanga. Yambani mwaona ndalama zotsala: ngati sizidachoke, yesaninso, ngati zachoka, sungani uthengawo osaufafaniza, lembani nambala yake pa pepala, ndipo inu ndi wogulitsa muimbire limodzi ofesi ya kampani. Ndalama zikasokera kwa mlendo, dandaulani ora lomwelo, chifukwa zisanatapidwe zibwezeka mosavuta. Kampani ikapanda kukuthandizani, dziwani kuti Reserve Bank of Malawi ndiyo iyang'anira njira zonse zolipirira, ndipo imamva madandaulo a anthu. Potsiriza, musachoke pamudzi opanda kandalama kamapepala kokwanira ulendo wobwerera, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Ndi bwino kuti pa msonkhano wa mphakati kapena limana mwezi uno achinyamata akhale pansi ndi okalamba ndi amasiye, nawaonetse pang'onopang'ono kadinidwe kake, nawalembere pa pepala ndi malembo akulu. Imeneyi ndi ntchito yachifundo yeniyeni, yofanana ndi kumtsogolera mlendo pa njira yosaidziwa.

Makina adzapita nakonzedwa, nsanja zidzachuluka, ndipo mwina ana athu sadzadziwa za kudikira uthenga pa khonde la sitolo. Koma nthawi iri yonse padzakhala kamphindi kamene wogula sangathe kuonetsa ndalama zake, wogulitsa sangathe kuziona, ndipo chotsala pakati pao ndi mau a munthu ndi chikumbumtima chake. Tiyesetse kuti m'midzi mwathu, Mkristu akanena kuti ndalipira, kapena kuti sizinafike, mnzake akhulupirire chifukwa amdziwa kuti sanama.

Yosefe Woyera, mmisiri wokhulupirika, atipempherere ife tonse ogula ndi ogulitsa. Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.